Kodi wolamula nyuzipepala ndi mwini wake kapena owerenga?

Funso: Ndikuphunzira sociology ndipo tafika pamutu wa umwini wa nyumba zofalitsa nkhani. Aphunzitsi athu anati a pluralist amakhulupirira kuti mwini nyuzipepala kapena wailesi alibe mphamvu yeniyeni pa zimene zimatuluka, ati mphamvu ili ndi owerenga ndi omvera. Ine zikundivuta kumvetsa. Munthu angatulutse chuma chake kugula nyumba yofalitsa nkhani kenako n'kungokhala chete osaikapo mlomo? Kodi maganizo amenewa akunena chiyani kwenikweni, ndipo umboni wake ulipo?

Yankho: Kukayika kwanuko n'kwabwino, musakutaye. Koma ndikupempheni kuti muyambe mwawamvetsa anthu amenewa musanawatsutse. Ndaona mapepala ambiri a mayeso amene amawaonetsa a pluralist ngati anthu ogona tulo, osadziwa kuti padziko pano pali anthu olemera okonda mphamvu. Iwo akudziwa bwino lomwe kuti mwini alipo ndipo ali ndi zofuna zake. Chimene akunena n'chakuti mwiniyo ndi womangika manja. Wazunguliridwa ndi owerenga, opikisana naye, atolankhani ake omwe, malamulo a boma, ndi ena amene anaikamo ndalama zawo, moti ngakhale atafuna kuti pamveke nyimbo yake yokha, sangapite nayo patali.

Maganizowa sanayambire pa nyuzipepala. Anayambira pa funso lokulirapo lakuti m'dziko la demokalase mphamvu imakhala ndi yani. Robert Dahl, katswiri wa maphunziro a ndale ku America, anafufuza mmene zinthu zinkayendera mumzinda wa New Haven, ndipo m'buku lake la 1961, Who Governs?, anati sanapezemo kagulu kamodzi kogwira zonse. Kupatula atsogoleri ochita kusankhidwa monga meya, anthu amene anali ndi mawu pa nkhani za sukulu sanali omwewo amene anali ndi mawu pa zomanganso mzinda kapena posankha oimira zipani. Liwu lakuti pluralism likunena za kuchuluka kumeneku: magulu ambiri, zofuna zambiri, wina kupambana lero wina mawa. Mukalitengera ganizoli ku nyumba zofalitsa nkhani, limatanthauza kuti nyuzipepala, wailesi ndi wailesi za kanema ndi bwalo limene magulu onsewo amakanganiranapo, ndipo bwalolo silili m'thumba la munthu mmodzi.

Mtima wa nkhani yawo ndi msika. M'chaka cha 1977 mtolankhani wa ku Britain, John Whale, anatsindika kuti amene amaumba nyuzipepala ndi owerenga ake, osati eni ake. Kaganizidwe kake n'kosavuta kutsata. Nyuzipepala ndi bizinesi, ikapanda kugulidwa imafa. Mwini akamakakamiza anthu maganizo amene sakuwafuna, anthuwo amangopita kukagula ya mnzake, otsatsa malonda nawo n'kuwatsatira. Ndiye mukapeza nyuzipepala yokondera chipani china, a pluralist sakana kuti ikukondera. Amangoti fufuzani owerenga ake, mupeza kuti analipo kale ndi maganizo amenewo, nyuzipepalayo ikungowapatsa zimene amakonda. Ngakhale makampani akamamezana, wamkulu kugula ang'onoang'ono, iwo amati cholinga n'kuchepetsa ndalama zoyendetsera ntchito ndi kuonjezera phindu, osati kulamulira mitu ya anthu.

Palinso funso lakuti mwini ndi ndani kwenikweni. Kuyambira mu 1932, pamene Adolf Berle ndi Gardiner Means analemba za makampani akuluakulu a ku America, akatswiri akhala akunena kuti umwini ndi ulamuliro zinasiyana njira. Kampani yaikulu imakhala ndi eni masheya zikwizikwi, ena mwa iwo mabungwe osunga ndalama za penshoni, amene chidwi chawo chili pa phindu la kumapeto kwa chaka basi. Ntchito ya tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi mamanejala ndi akonzi olembedwa ntchito. Ndipo ngakhale pamene mwini ali mmodzi, akakhala ndi nyuzipepala zoposa 100 m'mayiko angapo, nthawi yowerenga zonsezo zisanasindikizidwe angaipeze kuti?

Mfundo imeneyi imamveka bwino mukalowa m'chipinda cha atolankhani nthawi ikamathamangira 7 koloko madzulo, makina osindikizira akudikira. Mkonzi ali ndi nkhani 12 pakompyuta, koma malo alipo a nkhani zisanu. Wina akudandaula kuti mneneri wa apolisi sakuyankha foni, wina akudula ndime ziwiri kuti chithunzi chilowe, wina akulimbana ndi mutu wa nkhani umene watalika ndi liwu limodzi. Panthawi imeneyo palibe woimbira bwana kunyumba kwake kufunsa kuti tiike iti patsamba loyamba. Amasankha potengera zimene anazolowera pantchito: kodi nkhaniyi ndi yatsopano, ikukhudza anthu angati, umboni tili nawo, a mbali inayo tawamva? A pluralist amati ulamuliro weniweni uli pamenepa, m'manja mwa anthu odziwa ntchito yawo, amene alinso ndi mbiri yawo yoti aiteteze. Chipinda chimenechi muchisunge m'maganizo, tibwereramo.

Zotsala ziwiri ndizinena mwachidule. Amati omvera si mbiya yongothiramo chilichonse. Paul Lazarsfeld ndi anzake atafufuza anthu ovota m'dera la Erie County ku Ohio pachisankho cha 1940, anapeza kuti ochepa okha ndiwo anasintha maganizo chifukwa cha nyuzipepala ndi wailesi. Ambiri ankasankha kumva zogwirizana ndi zimene ankakhulupirira kale, ndipo ankamvera kwambiri anthu owadziwa ndi owakhulupirira. Amatinso boma limaika malire. BBC, imene inayamba mu 1922, ilibe mwini wofuna phindu, imayendera ndalama za laisensi zimene anthu oonera kanema amalipira, ndipo bungwe la Ofcom, limene linayamba ntchito mu 2003, limayang'anira kuti nkhani za pa wailesi ndi pa kanema ku Britain zisakondere mbali imodzi.

Nanga umboni ulipo? Ulipo, ndipo wina ndi wamphamvu. Pa 15 April 1989 anthu ochemerera timu ya Liverpool anapanikizana pabwalo la mpira la Hillsborough ku Sheffield, ndipo ngoziyo inatenga miyoyo 97. Patangopita masiku anayi, The Sun inalemba patsamba loyamba, pansi pa mutu wonena kuti ichi ndiye choonadi, kuti ochemerera ena ankabera ovulala ndi kumenya apolisi. Linali bodza. Anthu a ku Liverpool anainyanyala nyuzipepalayo, ogulitsa ambiri anasiya kuiika m'masitolo mwawo, ndipo ngakhale inapepesa patsamba loyamba mu 2012, mumzindamo ambiri sayigwirabe mpaka lero. Mu July 2011 News of the World, imene inakhalapo zaka 168, inatsekedwa patangodutsa masiku ochepa zitadziwika kuti anthu oigwirira ntchito, amene ankamvetsera mobisa mauthenga a pafoni za anthu, anamvetseranso a pafoni ya mtsikana wa pasukulu amene anaphedwa. Anthu anapsa mtima, otsatsa malonda anathawa, ndipo mwini wake, Rupert Murdoch, ndi chuma chake chonse, anaona kuti kuli bwino aitseke. A pluralist akaona zimenezi amati, mwaonatu, chikwapu chili ndi omvera.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo. Taonani bwino mtundu wa mphamvu imene anthu a ku Liverpool anaonetsa. Ndi mphamvu yokana. Anatha kunena kuti iyi sitikuifuna, koma kunyanyala kwawo sikunabale nyuzipepala ina ya dziko lonse yolankhula mawu awo. Wogula amasankha pa zimene zayalidwa kale, ndipo funso limene a pluralist amadumpha ndi lakuti amayala ndani, ndiponso amaloledwa ndani kuyala.

Palibe nkhani yoonetsa zimenezi bwino kuposa ya Daily Herald. Iyi inali nyuzipepala ya anthu ogwira ntchito ku Britain, yogwirizana ndi mabungwe a apantchito ndi chipani cha Labour. Mu 1933 inkagulitsa makope 2 miliyoni patsiku. Pamene inkatsekedwa mu 1964 inali ndi owerenga pafupifupi 4.7 miliyoni, ochuluka kuposa owerenga The Times, Financial Times ndi The Guardian mutawaphatikiza pamodzi. Ngati owerenga ndiwo mafumu, nyuzipepala ya owerenga ochuluka chonchi inafa bwanji, zinzake za owerenga ochepa n'kupulumuka? James Curran, amene anafufuza mbiri imeneyi mozama, anayankha kuti owerenga Herald anali anthu osauka, ambiri achikulire, osagula magalimoto kapena katundu wodula, choncho otsatsa malonda sankaona chifukwa cholipira ndalama zambiri kuti awafikire. Nyuzipepala sikhala ndi ndalama za owerenga zokha. Gawo lalikulu limachokera kwa otsatsa, ndipo otsatsa sawerenga mitu ya anthu, amayeza matumba awo. Pachisankho cha ndale aliyense ali ndi voti imodzi, pomwe pamsika wa nkhani voti ya munthu imalemera molingana ndi ndalama zake. Chomvetsa chisoni china n'chakuti Herald yomweyo ndi imene inasinthidwa dzina kukhala The Sun, imene Murdoch anaigula mu 1969.

Curran yemweyo anaonetsanso kuti khomo lolowera pamsika si lotseguka kwa aliyense. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ku Britain kunali nyuzipepala zambiri za anthu wamba zodzudzula olamula, ndipo boma linalephera kuzithetsa ndi misonkho ndi ndende. Misonkhoyo itachotsedwa pakati pa 1853 ndi 1861, anthu anayesa kuti ufulu wafika. Koma makina osindikizira anakula ndi kukwera mtengo, mitengo ya nyuzipepala inatsika chifukwa zazikulu zinkadalira otsatsa, ndipo kuyambitsa nyuzipepala kunasanduka ntchito ya anthu a chuma okha. Zimene apolisi analephera, msika unazichita mwakachetechete.

Tibwerere m'chipinda chija cha 7 koloko. N'zoona kuti palibe anaimbira bwana foni. Koma mkonzi amene akusankha nkhani zisanu zija anamusankha ndani? Anagamula ndani kuti chaka chino atolankhani ofufuza nkhani zobisika atsale awiri m'malo mwa asanu ndi mmodzi, pamene a nkhani za anthu otchuka awonjezedwe? Katswiri wina, Graham Murdock (osati Rupert Murdoch uja), anasiyanitsa mitundu iwiri ya ulamuliro: ulipo woyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, umene ulidi ndi akonzi, ndiye ulipo wogawa chuma, kuika mfundo zazikulu ndi kulemba kapena kuchotsa akuluakulu, umene umatsala ndi eni. Mwini wanzeru safunika kulamula tsiku lililonse. Amangosankha mkonzi woganiza ngati iye, basi. Ndipo mtolankhani wachinyamata amene wangoyamba ntchito sachedwa kuphunzira. Amaona nkhani zimene zimafika patsamba loyamba, amaona zimene zimafera pakompyuta ya mkonzi popanda wonena chifukwa, amaonanso mnzake uja wokonda kufunsa za makampani a bwana mmene anamuikira kumpanje. Pakutha pa chaka sabweretsanso nkhani zoterozo, ndipo mukamufunsa adzakuuzani ndi mtima wonse kuti palibe anamuletsapo kulemba chilichonse. Sakunama.

Nthawi zina dzanja la mwini limaonekera poyera. Harold Evans anakhala mkonzi wa The Times pamene Murdoch anaigula mu 1981, ndipo patangotha chaka anachoka, n'kunena poyera kuti malonjezo oti akonzi adzakhala pa ufulu sanasungidwe. Kumayambiriro kwa 2003 Roy Greenslade analemba mu The Guardian kuti nyuzipepala za Murdoch, zokwana 175 m'mayiko osiyanasiyana, zinali kuimba nyimbo imodzi yovomereza nkhondo ya ku Iraq, imene mwini wawo ankaikhalira kumbuyo. Kodi tinene kuti owerenga a ku London, Sydney ndi New York onse anagwirizana tsiku limodzi, pamene m'misewu ya mizinda yomweyo anthu miyandamiyanda ankachita zionetsero zokana nkhondoyo? Ku Italy, Silvio Berlusconi anali mwini wa wailesi za kanema zitatu zazikulu, Canale 5, Italia 1 ndi Rete 4, ndipo anakhala nduna yaikulu ya dzikolo maulendo angapo kuyambira 1994. Ganizo lakuti mwini amangofuna phindu silikwana pamenepo.

Chitsanzo chaposachedwa chikugunda pamsana penipeni pa mfundo ya msika. Jeff Bezos, amene anayambitsa Amazon, anagula The Washington Post mu 2013 pamtengo wa madola 250 miliyoni. Mu October 2024, chisankho cha ku America chitatsala masiku ochepa, nyuzipepalayo inasiya mwambo wake wonena amene ikumukhalira kumbuyo paupulezidenti, ngakhale akonzi anali atakonza kale ndemanga yovomereza Kamala Harris. Anthu oposa 200,000 anasiya kulipira nyuzipepalayo m'masiku ochepa. Chikwapu cha omvera chinagwadi, koma chigamulo sichinasinthe, ndipo mu February 2025 Bezos analengezanso yekha mfundo zimene masamba a ndemanga azitsata. Msika umaopseza munthu amene amadya za nyuzipepalayo. Amene chuma chake chenicheni chili kwina, nyuzipepala ikaluza ndalama amatha kungogwedeza mapewa.

Pankhani ya kuchuluka kwa eni, manambala sali kumbali ya a pluralist. Ben Bagdikian anawerenga mu 1983 kuti makampani 50 ndiwo anali ndi gawo lalikulu la nyumba zofalitsa nkhani ku America. Pofika 2004 anati atsala asanu: Time Warner, Disney, News Corporation, Bertelsmann ndi Viacom. Wina anganene kuti koma matchanelo achuluka kuposa kale. Achulukadi, koma kuchuluka kwa mayina sikutanthauza kusiyana kwa mawu. Mu 2018 kunafala kanema woonetsa owerenga nkhani ambirimbiri a m'mizinda yosiyanasiyana ya ku America, aliyense pa wailesi ya kanema ya dzina lakelake, akuwerenga mawu amodzimodzi liwu ndi liwu, chifukwa mawailesi onsewo anali a kampani imodzi ya Sinclair, imene inawatumizira zoti anene. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo apa oimba analipo ambiri koma nyimbo inali yomweyo.

Pali nkhani imodzi imene ndimakonda kupatsa ophunzira chifukwa imavutitsa mbali zonse ziwiri. Usiku wa chisankho cha 2020 ku America, wailesi ya kanema ya Fox News inalengeza msanga kuti Joe Biden wapambana ku Arizona. Oonera ake ambiri, amene ankakonda Donald Trump, anakwiya n'kuyamba kuthawira ku wailesi ina ya kanema, Newsmax. M'masabata otsatira, mapulogalamu ena a Fox anapereka mpata kwa anthu onena kuti makina ovotera a kampani ya Dominion anabera chisankho. Kampaniyo itasumira kukhoti, kunatuluka mauthenga a mkati oonetsa kuti akuluakulu ndi oulutsa ena sankakhulupirira zimenezo, koma ankaopa kutaya oonera. Mu April 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni kuti mlandu uthe. Otsatira maganizo a Karl Marx, monga Ralph Miliband amene mu 1969 analemba kuti eni amagwiritsa ntchito nyumba zofalitsa nkhani poteteza olemera anzawo, angavutike kufotokoza zimenezi, chifukwa apa mwini ndiye ankaopa omvera. A pluralist ananenadi zoona kuti omvera ali ndi mphamvu. Koma taonani chimene mphamvuyo inabala. Iwo ankayembekeza kuti mpikisano udzateteza choonadi, pomwe apa mpikisano womwewo ndiwo unakankhira atolankhani ku bodza.

Mwina mukudzifunsa za intaneti, poti masiku ano aliyense wokhala ndi foni atha kufalitsa nkhani. Pamenepa a pluralist anapezadi mphamvu zatsopano, ndipo n'zoona kuti khomo lija linatseguka kuposa kale lonse. Kulankhula kwatchipa. Chovuta tsopano n'kumvedwa, ndipo amene amagamula kuti uthenga uti ufike kwa anthu angati ndi makampani owerengeka monga Google, Meta imene ili ndi Facebook, Instagram ndi WhatsApp, ndi TikTok, kudzera m'mapulogalamu a kompyuta amene ife ogwiritsa ntchito sitiona mkati mwake. Ndalama za otsatsa zimene kale zinkalipira atolankhani zambiri zinasamukira komweko. Ndipo mu October 2022 munthu mmodzi, Elon Musk, anagula Twitter pamtengo wa madola 44 biliyoni, n'kusintha malamulo ake ndi dzina lomwe. Mwini sanachoke, anangosamuka pampando wa mkonzi n'kukakhala pachipata.

Pamayeso musalembe ngati mbali imodzi ili ndi zoona zonse. Ine ndimaona pluralism ngati muyezo wabwino wa mmene zinthu ziyenera kukhalira, umene umasanduka kufotokoza koona pokhapokha eni akakhala ambiri, wolowa watsopano akamatha kulowa, ndiponso pakakhala nyumba zina zosadalira phindu, monga BBC kapena The Guardian imene ili m'manja mwa bungwe la Scott Trust kuyambira 1936. Mumapeza mamalikisi ambiri mukatenga chitsanzo chimodzi n'kuchitembenuza mbali zonse. Yesani ichi. Mu 1992 The Sun inakhalira kumbuyo chipani cha Conservative, ndipo chitapambana inadzitama patsamba loyamba kuti yapambanitsa ndi iyo. Mu 1997 inatembenuka n'kukhalira kumbuyo Tony Blair wa Labour. Wa pluralist adzati inaona kumene owerenga ake akulowera n'kuwatsatira, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa kafukufuku wa maganizo a anthu ankaonetsa kale kuti Labour ili patsogolo kwambiri. Mukalemba zimenezo, muonjezerepo kuti mu July 1995, chisankho chisanayandikire n'komwe, Blair anakwera ndege kuchoka ku Britain mpaka ku chilumba cha Hayman ku Australia kukalankhula pamsonkhano wa akuluakulu a kampani ya Murdoch. Owerenga The Sun anawasiya kumudzi.